Laputopu yopinda yotsika mtengo: ubwino ndi kuipa kwake

Pali laputopu imene imapindika n'kukhala ngati tabuleti. Sikirini yake mumaikhudza ndi cala, monga foni.

Ubwino wake ndi uwu: ndi yopepuka, siidya magetsi ambiri a sola, ndipo munthu wosazolowera mabatani amaiphunzira msanga.

Koma yotsika mtengo imacedwa pogwira nchito. Zambiri zimasunga 64 GB cabe, zimadzaza msanga. Popindirapo sipacedwa kuthyoka. Sikirini ikasweka, kukonzetsa kumadula, mwinanso mpaka ulendo wocoka ku Fingoé kukafika mumzinda wa Tete.

Musanalipire, ipindeni kangapo. Khudzani sikirini m'makona onse. Funsani kuti batire limakhala maola angati. Tengani risiti.

Ngati mukungofuna WhatsApp ndi M-Pesa, sungani ndalama zanu. Foni ikukwanirani.