Amishonale amene anabwera ndi khasu ndi sikelo

Mwezi wathawu ku felosipu yathu kunabwera mlendo amene anatiuza kuti masiku ano munthu safunika kolala kuti akhale mmishonale. Ukhale namwino, mphunzitsi kapena wokonza makompyuta, upite kudziko lina, uzigwira ntchito yako bwino ndipo anthu aone Khristu mwa iwe. Anatikumbutsa za Paulo amene ankasoka mahema ku Korinto. Anzanga ambiri anaomba m'manja, makamaka amene akuwerenga masiku oti amalize digiri n'kuuluka. Ine ndinakhala chete, chifukwa ndimakhala ku Soche ndipo ndimaphunzira mbiri. Njira imeneyi inayesedwapo kale pa anthu a kwathu konkuno.

Mu 1876, Henry Henderson, motsogozedwa ndi Tom Bokwito, anasankha malo oti pakhale mishoni ya Church of Scotland m'dera la Mfumu Kapeni, amene mudzi wake unali cha kuno ku phiri la Soche. Gulu loyamba limene linakhazikika pa Blantyre Mission linalibe m'busa. Munali dokotala ndi anthu a ntchito zamanja, ndipo mmodzi wa iwo anali wolima dimba, John Buchanan. M'busa woyamba wokhazikika, Duff MacDonald, anafika mu 1878. Ndiye kuti makolo athu anayamba kuona Chikhristu cha Asikotishi chitagwira khasu ndi sowo, ulaliki wa pa guwa unabwera pambuyo.

Chaka chomwecho cha 1878, anthu achuma a ku Glasgow anayambitsa kampani yoti izinyamula katundu wa mishoni ndi kuchita malonda amene angagwetse malonda a akapolo, monga David Livingstone ankafunira. Anaipereka m'manja mwa abale awiri opemphera, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi, anthu n'kumutcha Mandala, ndipo dzinalo linamatirira kampani ya African Lakes, nyumba yake ya 1882 imene ilipobe, ndi dera lonselo. Ambirife timatchula Mandala osadziwa kuti tikutchula maso a munthu.

Zabwino zinalipo, sindikana. Anthu anaphunzira ukalipentala, kuumba njerwa ndi kusindikiza mabuku. Khofi analowa m'dziko muno kudzera m'dimba la mishoni. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, anachikonza ndi David Clement Scott yemwe sanaphunzirepo za mapulani a nyumba, ndipo manja amene anayala njerwazo anali a anthu akuda amene anaphunzira ntchitoyo pomwepo.

Koma pali mbali imene mlendo wathu uja sanaikhudze. Munthu amene wabwera kudzakulalikira ali bwana wako pa ntchito amakhala atagwira zinthu ziwiri, Baibulo ndi malipiro ako. Pa Blantyre anawonjezera chachitatu, chikoti. Cha m'ma 1879 anthu a pa mishoni anadzisandutsa makhoti. Ankakwapula oganiziridwa kuba, wina anafa atakwapulidwa, ndipo munthu wina amene ankamuganizira kupha anamuwombera. Mlendo wa ku Australia, Andrew Chirnside, analemba kabuku koulula zimenezi mu 1880, ndipo mpingo wa ku Scotland utafufuza unachotsa MacDonald, Buchanan ndi George Fenwick mu 1881.

Tsatirani kumene awiriwa anapita. Fenwick anakhala wamalonda ndi mlenje wa njovu, ndipo mu 1884 anawombera mfumu ya Amakololo, Chipatula, atakangana, iyenso n'kuphedwa. Buchanan anatsegula minda ya khofi ku Zomba, kenako anakhala wogwirizira udindo wa kazembe wa Britain, ndipo mu 1889 ndi iye amene analengeza kuti dera la Shire lili pansi pa chitetezo cha Britain. Wolima dimba uja ndiye anatsegulira atsamunda chitseko. Sindikunena kuti ananyamuka kwawo ali ndi cholinga chimenecho. Ndikuganiza kuti ntchito imene amati ndi chida chabe cholalikirira inakula mpaka kumeza ulalikiwo.

Nkhani imene imandisangalatsa ndi ya Joseph Booth, wamalonda amene anafika mu 1892 n'kuyambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi. Maganizo ake anali oti mishoni izidzidalira ndi ulimi wa khofi. Ankalipira antchito kuposa anzake, zimene zinakwiyitsa azungu a pa Blantyre. M'nyumba mwake munkagwira ntchito mnyamata wina, John Chilembwe. Amene ali pa ndalama yathu ya K2,000 anayamba ngati wantchito wa m'nyumba ya mmishonale. Mu 1897 anapita naye ku America, ndipo atabwerako mu 1900 anatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Onani liwu loti Industrial silinachoke. Chilembwe anavomereza kuti ntchito ndi chikhulupiriro ziyendere limodzi, koma anakana kuti munda ndi sikelo zikhale za mzungu yekha.

Ndiye palinso amishonale amene sitiwawerengera n'komwe. Agogo athu amene anapita ku migodi, m'mafamu ndi m'makhitchini a ku Southern Rhodesia ankasonkhana Lamlungu kupemphera m'chinenero chawo, mpaka mu 1912 mishoni ya Dutch Reformed inatumiza M'busa T.C.B. Vlok ku Salisbury kuti akawatumikire. Sinodi ya Harare ya CCAP inachokera pamenepo. Anthuwa analibe chikoti, analibe kampani ku Glasgow, ambiri ankagona m'makomboni. Mwa onse amene ndatchula, ndi iwowa amene amafanana kwambiri ndi Paulo wosoka mahema, chifukwa panalibe amene ankaopa kuchotsedwa ntchito akakana kupemphera nawo.

Mnzanga wina amene akuphunzira unamwino wayamba kale kulemba mafomu opita ku Britain, ndipo akuti akakakhala kumeneko adzakhala mmishonale wa m'chipatala. Tikuyenda kubwerera ku Soche usiku umenewo ndinamufunsa kuti, "Iwe, wodwala ali pa bedi, jakisoni ali m'manja mwako, ukamufunsa kuti mupemphere, angakane?" Anaseka, n'kunena kuti ndimawerenga kwambiri za anthu akufa. Koma titafika pa siteji ndi iye amene anayambitsanso nkhaniyo.