Chimfine Chikafika M'diso ndi M'mutu

Timphako ta m'mafupa

M'mafupa a nkhope muli timphako. Tina tili m'masaya, tina pakati pa maso, tina pachipumi. Tonse timatulukira m'mphuno. Mwana akadwala chimfine, timphakoti timatha kutsekeka. Mabakiteriya amaswana m'menemo, mafinya n'kudzaza.

Dokotala Pott

Percivall Pott anali dokotala wa opaleshoni pa chipatala cha St Bartholomew's ku London. M'zaka za m'ma 1760 analemba za odwala otupa pachipumi. Chotupacho chinali chofewa ukachigwira, koma pansi pake mafinya anali atadya fupa. Madokotala amachitchulabe ndi dzina lake. Chimakonda kugwira anyamata ndi atsikana osinkhuka, chifukwa mphako ya pachipumi imachedwa kukula.

Masiku amenewo mankhwala opha mabakiteriya kunalibe. Dokotala ankaboola fupa kuti mafinya atuluke, wodwala ali maso, akumva ululu wonse.

Diso la mwana

Kwa ana aang'ono ngozi imakhala pa diso. Fupa lolekanitsa mphuno ndi diso ndi lopyapyala ngati pepala, ndiye mafinya savutika kudutsa. Chikope chimatupa n'kufiira. Diso limatong'oka, osathanso kuyenda bwino. Kale ana ena ankachita khungu. Ena matenda ankawafika mu ubongo, khosi n'kuuma, n'kumwalira. N'zomvetsa chisoni, poti zonsezi zinkayamba ndi mamina chabe.

Mankhwala afika

Mu 1928, Alexander Fleming anatulukira penisilini ku London. Mu 1941 madokotala a ku Oxford anayamba kubaya odwala mankhwalawa. Mu 1971 makina ojambula m'kati mwa mutu, otchedwa CT, anajambula wodwala woyamba. Tsopano dokotala amaona pamene pabisala mafinya asanang'ambe.

Kuno ku Malawi

Mu 2002 ana anayamba kulandira katemera wa mabakiteriya otchedwa Hib ku sikelo. Mu 2011 kunabwera katemera wa chibayo. Tizilombo tomwe akatemerawa amalimbana nato timayambitsanso matenda oumitsa khosi. Komabe si onse mabakiteriya amene ali ndi katemera.

Nthawi yothamangira kuchipatala

Chimfine chambiri chimatha chokha. Koma mwana akatupa chikope kapena chipumi, akamaona zinthu ziwiriziwiri, mutu ukamamupweteka kwambiri, akamasanza, kuuma khosi, kukomoka kapena kungogona osadzuka msanga, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale ndi usiku. Musafinye chotupacho, musachitemere mphini. Ana otere amafunika jakisoni wa mumtsempha, ndipo ena amafunika opaleshoni.