Ambuya Anu a Kusitolo

Sendezani mipando kuno, adzukulu anga, ndikuuzeni za ambuya anu. Ine ndine ndinawaponda pamutu, ndiye zimene ndinene ndinaziona ndi maso angawa. Inu munawadziwa ali kale mwini sitolo ku Katete Stores, anthu akuwagwadira popereka moni. Simudziwa kuti mayi ameneyu anabereka ana awiri asanadziwe kulemba dzina lake.

Tinabadwira m'dziko la mfumu Kawaza, dziko lino likutchedwa Northern Rhodesia, Chipata ili Fort Jameson. Pamene chipatala cha St Francis chinkayamba mu 1948, alongo angawo anali kamtsikana kongoyamba kusenza mtsuko. Sukulu ya mishoni inalipo, koma atsibweni athu, eni mbumba, anagamula kuti ndalama yochepayo ipite kwa mnyamata. Mnyamatayo ndine. Iwo anatsala pamtondo, anavinidwa chinamwali, nakwatiwa. Mlamu wanga anakhala pachikamwini pang'ono, msonkho n'kumuthamangitsira ku Walale monga anzake ambiri. Makalata ake ankabwera, ndipo ambuya anu ankapita nawo kwa munthu wina wa m'mudzi kuti awawerengere, pakuti ine ndinali kusukulu yogonera komweko. Zinsinsi za m'nyumba mwawo zinkafika pachitsime iwo asanabwerere pakhomo. Kenaka makalata analeka. Mlamu wanga anatchona.

Sanakhale pansi n'kumalira. Anayamba ndi zitumbuwa ndi thobwa, pamene mabasi ankaima mumsewu waukulu wa ku Lusaka. Ndalama ankamanga pansonga ya chitenje: tiki, sikisi, mwina shereni tsikulo likayenda bwino. Chimene chinawatumiza kusukulu ndi mtedza. Chaka china analima chalimbana wambiri, nanyamulira matumba kumsika pangolo yobwereka. Munthu wa pasikelo anayeza, analemba pakapepala, nawapatsa ndalama. Madzulo anandionetsa kapepalako, ndipo nambala yolembedwa sinkagwirizana ndi ndalama imene inali m'manja mwawo. Sanakalipe. Anangondifunsa kuti, “Achimwene, kodi zolembazi munthu wamkulu angazidziwe?”

Dziko litalandira ufulu mu 1964, anthu a boma oona za chitukuko cha m'midzi anatsegula makalasi a akuluakulu. Ambuya anu ankapita masana akaweruka kumunda, mwana kumsana, sileti m'manja. Anzawo ankawaseka kuti nkhalamba ikufuna ukalaliki. Ankaphunzirira kuwerenga pa nyuzipepala ya Chinyanja ya Tsopano, chala chikutsata mzere, milomo ikugwedera, ndipo pepala limodzi linkawatengera sabata yathunthu. Tsiku limene anawerenga okha ndime ya m'Baibulo pa Chigwirizano cha amayi, anabwera kwanga usiku womwewo kudzandiwerengeranso.

Mu January 1968 mapaundi anachoka, kwacha ndi ngwee zinalowa. Paundi imodzi inasanduka makwacha awiri, shereni inasanduka ngwee 10, sikisi ngwee 5. Amayi ambiri pamsika anasokonezeka, ndipo akathyali anapezerapo mwayi. Ambuya anu ankayala ndalama zakale ndi zatsopano pamphasa n'kumaphunzitsa anzawo, kuphatikizapo omwe aja ankawaseka. Mu April chaka chomwecho Kaunda analankhula ku Mulungushi kuti malonda a m'masitolo a kumidzi akhale m'manja mwa nzika za dziko lino. Amwenye ena anatseka masitolo awo, ndipo eni dziko ambiri analowa m'malonda mothamanga. Ambiri anagwa msanga chifukwa ankadya phindu pamodzi ndi mpamba. Alongo anga anali ataphunzira kale kwa mmwenye wina amene ankawagulitsa ufa wa tirigu ndi shuga. Ankaima pambali n'kumaona mmene ankayezera nsalu, mmene ankawerengera katundu pashelefu madzulo aliwonse, ndiponso kuti sankatenga ngakhale bokosi la machesi m'sitolo yake osalipira. Anayamba ndi kachipinda kamodzi: mchere, sopo, palafini, singano, tiyi ndi mabanzi. Anagula wailesi n'kuiika pawindo, ndipo anthu obwera kudzamvera nthano za Julius Chongo pa Pocheza M'madzulo sankachoka osagulako kanthu.

Tsono mumve za kabuku kawo ka ngongole, chifukwa mtima wawo unali m'menemo. Mlimi wa kuno amaona ndalama kamodzi pachaka, akagulitsa thonje, mtedza kapena chimanga. Kuyambira December mpaka March m'nyumba mumakhala mulibe kanthu, koma mchere umafunika, mwana amadwala, maliro amagwa. Ambuya anu ankakongoza, n'kulemba dzina, mudzi ndi tsiku. Mwamuna wamphamvu zake akazengereza, ankamutsatira panjinga mpaka pakhomo pake, ndipo sankachita manyazi kukhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Ena ankati ndi ouma mtima. Ine ndimakana, pakuti ndinaona chimene iwo sanaone: ngongole ya mayi wamasiye kapena ya nkhalamba yolera ana ankailemba ndi pensulo. Kukolola kukalephereka, ankafufuta, osauza munthu. Mwini ngongoleyo akabwera ndi nkhuku kudzapepesa, ankatsegula kabuku n'kumuonetsa kuti dzina lake mulibe.

Zaka za m'ma 1980 zinali zowawa. Sopo, shuga ndi mafuta ophikira zinkasowa, ndipo anthu ankagona pamzere. Iwo ankakwera basi ya UBZ kuwoloka mlatho wa Luangwa kukasaka katundu ku Lusaka, n'kubwera miyendo itatupa. Mwambo wa Kulamba utayambiranso ku Mkaika mu 1984, ankapita ndi miphika kukaphikira alendo a Gawa Undi, ndipo phindu la masiku amenewo linkalipira sukulu. Ankagulanso mtedza ku Sinda ndi nyemba cha ku Vubwi, kwa mfumu Pembamoyo, kumene nthawiyo kunali pansi pa Chadiza. Nkhondo ya ku Mozambique itasefukira kuno cha m'ma 1987, zigawenga za RENAMO zikulowa m'midzi ya m'malire, anthu ankagona kutchire. Maulendo a njira ya ku Chanida anawaleka. Koma othawa nkhondo ofika pasitolo ankawapatsa phala, ndipo kwa iwowo anaphunzira kuwerenga ndalama m'Chipwitikizi. Mtendere utabwera mu 1992, anagwiritsa ntchito nzeruyo pogulitsana ndi anthu a ku Tete.

Chaka chomwecho kunagwa chilala chija cha chimanga chachikasu. Ngongole sizinabwezedwe, mashelefu anatsala opanda kanthu. Anadzukanso ndi chilimba cha amayi anzawo ndi belo limodzi la salaula.

Pa za ana sankamva za munthu. Mwana wawo wamwamuna anaphunzira ku Chassa, koma woyamba kumulipirira anali wamkazi, amene anapita ku St Monica's ku Chipata. Abale atadandaula, anayankha kuti m'mbumba mwawo simudzakhalanso mkazi wokawerengetsa kalata yake kwa munthu wina. Matenda a Edzi atatenga makolo a ena mwa inu, anakusonkhanitsani m'nyumba imodzi, ndipo palibe amene anasiya sukulu. Mkamwini wawo atamwalira, abale ake anabwera kudzanyamula zonse, mpaka mbale ndi mabulangete. Ambuya anu anali atamva pawailesi za lamulo la chuma cha masiye la mu 1989, nafunsa mpaka kulimvetsa: munthu akafa osasiya wilo, theka la chuma ndi la ana, magawo 20 pa 100 ndi a mkazi kapena mwamuna wotsala, ena 20 a makolo, 10 a amene ankadalira malemuyo. Ananena zimenezi pamaso pa ankhoswe ndi anyakwawa, mofatsa, ali chogwada, ndipo katunduyo anatsitsidwa pangolo.

Mu 2012 Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha, ndipo mu January 2013 kwacha inachotsedwa maziro atatu. Apanso amayi a pamsika anabwera kwa iwo kudzafunsa kuti K50,000 yasanduka bwanji K50. Foni anaiphunzira ali ndi imvi mutu wonse. Iwe wakhala kumapetoko, ukumbukira mmene ankakuitanira kuti, “Bwera, mphunzitsi wanga,” n'kukuuza kuti usawatumizire ndalamayo, uwaonetse chabe pokanikiza, atumize okha. Maso atafooka anakapimitsa, napatsidwa magalasi, chifukwa sankafuna kuti wina aziwawerengera mauthenga.

Matenda atawagwira, anandiitana n'kundionetsa zonse zimene analemba: za ogulitsa katundu amene sanawalipire, za fizi ya temu ikubwerayi, ndi za chilimba. Mwezi uno wolandira ndi mayi wina wa ku Sinda amene ankawagulitsa mtedza. Gawo la ambuya anu lili mu envulopu, dzina analemba okha. Mmodzi wa inu alawire mawa akapereke.