Nsalu zosakaniza ulusi pa zovala zamasewera

Nsalu zosakaniza ndi zolukidwa ndi ulusi wa mitundu iwiri kapena itatu, monga thonje ndi poliyesitala, kapena nayiloni ndi elastane. Zimagwiritsidwa ntchito kwambiri pa zovala zamasewera chifukwa palibe ulusi umene pawokha ungakwanitse zonse zomwe thupi la wothamanga limafuna.

Nkhani yagona pa thukuta. Thonje ndi lofewa pakhungu, koma limamwa madzi n'kuwasunga m'kati mwa ulusi. Malaya a thonje akanyowa amalemera, amamatirira kumsana, amakhula m'khwapa, ndipo wosewera akangoima amayamba kumva kuzizira. Poliyesitala, yomwe John Rex Whinfield ndi James Tennant Dickson anaitulukira ku England mu 1941, simwa madzi kwenikweni: chinyezi chomwe imasunga sichifika 1 peresenti ya kulemera kwake, pomwe thonje limasunga pafupifupi 8 peresenti. Thukuta limangodutsa m'timipata ta pakati pa ulusi, monga momwe palafini amakwerera m'chingwe cha koloboyi, n'kufika kunja komwe mphepo imaliumitsa. Koma poliyesitala imagwira fungo msanga, poti mafuta a m'thupi amakanirira pa ulusi wake ngakhale itachapidwa.

Msakanizo wofala ndi wa 65 peresenti poliyesitala ndi 35 peresenti thonje. Umauma msanga kuposa thonje lokha, sukwinyika wamba, ndipo umakoma pakhungu. Ndi wabwino pophunzira masewera kapena poyenda, ngakhale kuti pa mpira wa mphindi 90 dzuwa likuswa mtengo, jezi ya poliyesitala yokha imapepukabe kuposa ya msakanizowu.

Elastane anaipanga Joseph Shivers wa kampani ya DuPont mu 1958, ndipo inatchuka ndi dzina la Lycra. Imatanuka mpaka kasanu kutalika kwake n'kubwerera. Amaikamo pang'ono chabe, koma ndiyo imachititsa makabudula a opalasa njinga ndi zovala zosambirira kugwira thupi bwino. Imaonongeka ndi simbi yotentha komanso mankhwala a chlorine. M'masokosi, ubweya wa nkhosa za merino amausakaniza ndi nayiloni kuti chidendene chisabooke msanga.

Nsaluzi zikatha, kulekanitsa thonje ndi poliyesitala n'kovuta ndiponso kodula, choncho zambiri zimathera kudzala m'malo mopangidwanso ulusi watsopano.