Kafukufuku wa mankhwala a khansa

Kafukufuku wa mankhwala a khansa ndi ntchito yomwe madokotala amayesa mankhwala kapena njira yatsopano yochizira pa odwala odzipereka okha, pofuna kudziwa ngati ikuposa chithandizo chomwe chilipo kale. Amachitika m'magawo: loyamba limaona ngati mankhwalawo ndi osaopsa, lachiwiri ngati akugwira ntchito, lachitatu limawayerekeza ndi akale. Poyerekezapo odwala amagawidwa m'magulu, ndipo nthawi zambiri gulu lomwe wodwala alowe limasankhidwa mwamaere.

Ku Malawi kafukufuku wotere amachitikira makamaka pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe ndi cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kafukufuku wa khansa ya Kaposi sarcoma, yemwe Malawi adachita nawo ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2020, adapeza kuti mankhwala a paclitaxel amathandiza kuposa ena awiri omwe adayesedwa.

Asanayambe, kafukufuku amavomerezedwa ndi komiti yoteteza anthu olowa mu kafukufuku, monga ya NHSRC, komanso bungwe loona za mankhwala la PMRA.

Wodwala asanasaine chikalata chovomera, afunse izi: cholinga chake nchiyani? Mankhwalawo ali ndi zovuta zanji? Adzapita kangati kuchipatala, ndipo ndalama zoyendera adzalipira ndani? Nanga kafukufuku akadzatha, chithandizo chidzapitirira? Ndi bwino kukambirananso ndi achibale, koma chisankho nchake mwini. Ali ndi ufulu wokana kapena kusiya nthawi ina iliyonse, ndipo chithandizo chake chamasiku onse sichiimitsidwa.