Jamu

Kwa ana a Amalawi obadwira kunja kwa Malawi, m'mafamu a fodya a ku Darwendale, jamu ndi uja wa m'botolo wopaka pabuledi. Kumudzi ku Malawi mawuwa amatanthauzanso kachipatso: kachikasu, kowawasa pang'ono, kobisala m'kakhungu kouma ngati pepala. Kwawo kwa kachipatsoka ndi ku South America, koma kadazolowera nthaka yathu, ndipo pa phiri la Zomba amakagulitsa m'mbali mwa msewu.

Zikuoneka kuti dzinali lidachokera kumphika, chifukwa kachipatsoka n'komwe kankaphikidwa jamu. Amakasenda, n'kukawiritsa ndi shuga wolemera mofanana nako, kuthiramo madzi a ndimu, mpaka msuzi utalimba. Amathira m'botolo lowiritsa akadali wotentha, n'kutseka zolimba. Shuga akachepa, jamuyo sachedwa kuchita nkhungu.