Khitchini ya m'boti

Khitchini ya m'boti laling'ono ndi kamalo kopanikizika kokhala ndi chitofu, sinki ndi makabati otsekeka zolimba. M'maboti oyendera mphepo, chitofu amachikoleka pazitsulo ziwiri kuti chizilendewera. Boti likapendekeka, poto sapendekeka nalo, ndipo timikono tachitsulo timamupana kuti asatsetsereke.

Ambiri amaphikira gasi. Gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya, motero akadontha amatsikira pansi m'botimo n'kuunjikana, ndipo kamoto kochepa kangaphulitse botilo. N'chifukwa chake silinda amaisunga m'bokosi lakelake lokhala ndi chiboo chotulutsira gasi kunja.

Khofi amamuphika m'kapoto ka moka, komwe Alfonso Bialetti anayamba kupanga ku Italy mu 1933, kapena m'kachipangizo kapulasitiki kotchedwa AeroPress, komwe sikasweka kakagwa. Pothira madzi owira, kapu iziikidwa musinki kuti madziwo akatayika asawotche munthu.